KODI NKWANZERU KUGULA NYUMBA YAKALE YOTETEZEDWA NDI LAMULO?

Munthu aliyense wogwira ntchito ya Boma, kaya ndi kalaliki wa mu ofesi, kaya ndi mphunzitsi wa pasukulu, ali ndi funso limodzi limene limamsowetsa tulo imvi zikayamba kuoneka: kodi ndikadzapuma ntchito ndidzagona kuti? Nyumba ya Boma kapena ya sukulu ndi yobwereka, ndipo tsiku lobweza makiyi limafika ndithu. Chifukwa chake ambiri amayembekeza ndalama zawo za penshoni kuti agule nyumba. Ena a iwo, poyenda m'misewu ya ku Sunnyside, ku Mandala, ku Namiwawa kapena pa BCA Hill ku Limbe, amaima kuyang'ana nyumba zija zakale za makonde aakulu ndi zipupa zochindikala, zokhala pakati pa mitengo ikuluikulu, nanena mumtima mwawo kuti, "Ha, ikadakhala yanga imeneyi!"

Lero tifuna kukambirana nanu, awerengi athu, za nyumba zoterezi, makamaka zimene Boma laziika m'gulu la zinthu za mbiri zotetezedwa ndi lamulo, ndi zinanso zimene chifukwa cha ukalamba wake zingathe kulowa m'gululo tsiku lina. Kodi munthu wa malipiro a pamwezi achita bwino kugula nyumba yotere ndi kukhalamo? Maganizo athu tiwanena poyamba pomwe. Nyumba yakale ndi chuma chenicheni, koma ndi chuma chofuna mwini wake wodekha, wodziwa kuwerengera ndalama, ndiponso wololera kuti pa nyumba yake pakhalenso mawu a anthu ena. Amene alibe zitatuzi aisiye, akamange yake yamakono ku Chileka kapena ku Chigumula, ndipo palibe amene adzamdzudzula.

Kumene nyumbazi zinachokera

Tiyambe ndi kukumbutsana mbiri ya mzinda wathu. Amishoni a Church of Scotland anafika kuno m'chaka cha 1876, nakhazika mishoni yawo m'dziko la Mfumu Kapeni, naitcha Blantyre pokumbukira mudzi wa ku Scotland kumene anabadwira Dr. David Livingstone. Patapita zaka ziwiri kunabwera abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndi kampani yawo ya malonda imene pambuyo pake inadziwika kuti African Lakes Corporation. John Moir ankavala magalasi a maso, ndipo anthu anamutcha Mandala. Dzinalo linagwira kampani, linagwira masitolo ake, ndipo lagwira dera lonse kufikira lero. Nyumba ya Mandala, imene inamangidwa m'chaka cha 1882 kuti azikhalamo oyang'anira kampaniyo, ndiyo yakale koposa nyumba zonse zachizungu zimene zikali chiimire m'Malawi muno, ndiponso inali yoyamba yosanja.

Pakati pa 1888 ndi 1891 M'busa David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire konse za mapulani a nyumba, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira, anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi njerwa zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, za maonekedwe okwana 81. M'chaka cha 1895 Blantyre inakhala ndi khonsolo yakeyake. Holo ya Victoria, ya pa Victoria Avenue, inamangidwa mu 1903. Njanji inafika mu 1908, ndipo Limbe inakula chifukwa cha njanjiyo ndi fodya wa kampani ya Imperial Tobacco, kufikira matauni awiriwa anaphatikizidwa mu 1956. M'zaka zonsezi mishoni, makampani, a njanji ndi Boma ankamangira akuluakulu awo nyumba zogona, ndipo ndizo zimene tiziona lero m'madera tatchula aja.

Tinene zoona kuti nyumba zimene zinalengezedwa kale kuti ndi zotetezedwa, monga ya Mandala ndi tchalitchi cha St Michael, ndi zowerengeka, ndipo zambiri ndi za mipingo, za Boma kapena za makampani, si za pamsika ayi. Koma kumbuyo kwa zimenezi kuli nyumba zambiri zogonamo anthu, za zaka 70, 80, ngakhale 100, zimene zimagulitsidwa ndi kugulidwa. Wogula nyumba yotere ayenera kudziwa kuti tsiku lina lamulo likhoza kugogoda pakhomo pake.

Chimene lamulo linena

Boma la Malawi silinachedwe kuganizira zinthu za mbiri. Chaka chimodzi chokha chitapita tilandirire ufulu, mu 1965, linakhazikitsa lamulo loteteza zipilala ndi malo a mbiri, ndipo mu 1967 linatsegula dipatimenti yoyang'anira zinthu zamakedzana. Mu 1990 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lotchedwa Monuments and Relics Act. Mwa lamulo limeneli Nduna ikhoza kulengeza mu Gazette kuti nyumba yakutiyakuti ndi yotetezedwa, ndipo pali bungwe la alangizi lothandiza Nduna posankha. Nyumba ikalengezedwa chotero, palibe munthu, ngakhale mwini wake, amene aloledwa kuigwetsa, kuiwononga kapena kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo cholembedwa. Wochita zimenezo mwa iye yekha apalamula mlandu.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu amene wagula nyumba yamakono ku Nyambadwe, akafuna kuonjezera chipinda, apita ku Khonsolo ndi mapulani ake, akavomerezedwa ayamba ntchito. Mwini nyumba yotetezedwa ali ndi makomo awiri ogogoda: la Khonsolo, ndi la oyang'anira zinthu za mbiri. Nyumba ndi yake, chikalata cha umwini chili m'dzina lake, koma maonekedwe a nyumbayo ndi a mtundu wonse.

Palinso chizindikiro china chimene nyumba yakale imachiopa mu mzinda uno. Akuluakulu akumbukira nyenyezi yofiira imene inayamba kulembedwa pa zipupa mu ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, kusonyeza nyumba zakutha za m'kati mwa Blantyre ndi Limbe zimene eni ake anayenera kuzikonza kapena kuzigwetsa. Khonsolo inaidzutsanso ntchito imeneyi m'zaka zapambuyo pake. Tsono nyumba yakale iima pakati pa zolembedwa ziwiri: ikasamalidwa ikhoza kulembedwa mu Gazette, ikalekereredwa ikhoza kulembedwa nyenyezi. Chimene chisiyanitsa ziwirizi kawirikawiri ndi mwini wake.

Zokoma zake

Chokoma choyamba ndi malo. Amene anafika poyamba anasankha malo abwino: okwera pang'ono, a nthaka yolimba, opita mphepo, ndi oyenda madzi bwino. Lero malo amenewa ali pafupi ndi zonse. Wokhala ku Mandala kapena ku Sunnyside akhoza kufika pa ofesi, pa banki, ngakhale pa chipatala cha Queen Elizabeth, osakwera minibasi kawiri kapena katatu monga achitira mnzake wa ku Machinjiri. Munthu wokalamba, amene maulendo ake a ku chipatala amachuluka chaka ndi chaka, asapeputse chinthu chimenechi. Ndiponso mabwalo a nyumbazi ndi aakulu. Pali malo olimapo ndiwo zamasamba ndi chimanga chachiwisi, pali mango ndi mapeyala obzalidwa kale, ndipo kuseri kumakhala kanyumba kamene kale kanali ka antchito, kamene lero kakhoza kubweretsa lendi ya pamwezi.

Chachiwiri ndi mamangidwe. Omanga akale analibe makina oziziritsa nyumba, chotero anamanga moganizira nyengo. Zipupa zochindikala zimachedwa kutentha, siling'i yapamwamba imapatsa mpweya wotentha malo okwera, ndipo khonde lalikulu limaletsa dzuwa ndi mvula kumenya chipupa. Mwezi wa October, pamene wokhala m'nyumba ya malata otsika asowa pogona, mwini nyumba yakale agona tulo. Mwezi wa June ndi July, chiperoni chikatsika, asonkha moto pa chumuni. Masiku a kuzima kwa magetsi nyumba yotere siisintha khalidwe lake. Matabwa akenso ndi a mitengo imene lero siipezeka wamba: mbawa, mlombwa, ndi mkungudza wa ku Mulanje umene chiswe sichiukonda.

Nyumba ya Mandala yaona mvula ya zaka zoposa 140. Tchalitchi cha St Michael chaona ya zaka zoposa 130. Zonse ziwiri zinaona namondwe Freddy wa mu March 2023, amene anagumula phiri la Soche ndi kukwirira abale athu ku Chilobwe, ndipo zikali chiimire. Komatu tisadzinamize kuti zonse zakale zinamangidwa bwino. Zomangidwa mwaulesi zinagwa kalekale. Zimene tiziona lero ndi zimene zinapirira. Kupirira kumeneko ndi umboni umene nyumba yatsopano siingathe kuupereka.

Chachitatu ndi mitengo ya m'nkhalango. Yang'anani phiri la Ndirande ndi la Soche mmene ayerera. Gawo la mitengo imene inali kumeneko linathera m'mauvuni a njerwa ndi m'makala. Ndicho chifukwa chake mu 2018 panatuluka malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zikuluzikulu. Nyumba yakale inadya kale nkhuni zake zaka zambiri zapitazo. Woisamala sadula mtengo wina. Woigwetsa ataya njerwa zabwino, nayambanso kufuna zina.

Chachinayi ndi ulemu, ndi phindu limene ulemuwo ungabale. Nyumba ya Mandala ndi chitsanzo. Inasungapo nyumba yoyamba yoonetsera zinthu zakale ya dziko lino, isanasamukire ku Chichiri mu 1966. Bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946, linaika m'chipinda chapamwamba mabuku ndi zikalata zake, ndipo pansi pakhala pakugulitsidwa zojambula ndi zakudya kwa alendo. Ku Zomba, nyumba imene John Buchanan anamangira kazembe wa Britain m'zaka za m'ma 1880 inasanduka hotela ya Masongola. Ku Livingstonia, nyumba yamiyala ya Dr. Robert Laws inasanduka malo ogona alendo ndi oonetsera zakale. Mlendo wochokera kutali safuna kuona nyumba yofanana ndi ya kwawo. Afuna kuona imene ili ndi mbiri. Mwini nyumba wochenjera akhoza kupatula zipinda ziwiri za alendo, nyumbayo nkumadzilipirira yokha zina.

Zowawa zake

Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tiyeni tsono tiung'ambe mkuyuwo.

Choyamba ndi denga. Malata akale anali ochindikala, koma palibe malata osachita dzimbiri. Madzi akayamba kulowa pang'onopang'ono pa msomali umodzi, amaoletsa mitengo ya denga mwakachetechete zaka zambiri, siling'i ili chibisire. Pamene mwini nyumba aona banga pa siling'i, ntchito yakula kale. Ndipo ngati mitengoyo inali ya mkungudza, sangaipezenso mwalamulo, pakuti mtengo umenewu, umene uli mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu pa phiri la Mulanje, ndipo kudula kwake nkoletsedwa. Nyumba zina za m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 zinafoleredwa ndi asibesitosi. Ameneyu akakhala wosasweka savuta kwambiri, koma fumbi lake, pomudula kapena pomuphwanya, limaononga mapapo ndi kuyambitsa khansa. Kumuchotsa si ntchito yopatsa anyamata aganyu.

Chachiwiri ndi chinyezi ndi chiswe. Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi njerwa zolumikizidwa ndi dothi kapena laimu, si simenti ayi. Chipupa chotere chimamwa chinyezi nthawi ya dzinja ndi kuchitulutsa nthawi ya chilimwe, ndipo chikhoza kutero zaka zana osavutika. Tsoka limabwera ndi mmisiri wosadziwa, amene amata chipupacho pulasitala wa simenti yolimba ndi penti wa mafuta, poganiza kuti achilimbitsa. Chinyezi chisowa potulukira, chikwera m'kati, njerwa zifumbutuka, ndipo patapita zaka zowerengeka pulasitala agwa ndi nkhope ya njerwa yomwe. Chiswe nacho chimakonda pachinyezi, ndipo chimayenda m'dothi la pakati pa njerwa kufikira chipeza mafelemu a zitseko. Amisiri odziwa ntchito ya laimu atsala ochepa, ndipo wochepa ndi wodula.

Chachitatu ndi mawaya a magetsi ndi mipope ya madzi. Mawaya oikidwa kale anali a nyale zowerengeka ndi wailesi imodzi. Sanaikidwire mbaula ya magetsi, firiji, simbi ndi makina otenthetsera madzi zonse pamodzi. Chikopa chake chikauma chimasweka, ndipo moto wa m'denga umayamba usiku anthu ali mtulo. Mipope yachitsulo imadzaza dzimbiri m'kati, madzi nkumatuluka ofiira ndi ofooka. Wogula ayenera kuwerengera kuti zonsezi adzazisintha, ndipo m'nyumba yotetezedwa sadzaloledwa kungoboola zipupa paliponse pamene mmisiri waloza.

Chachinayi ndi ufulu wochepa. Banja la Chimalawi limakula. Kumabwera ana a mlongo, kumabwera adzukulu, kumabwera amayi okalamba ochokera kumudzi. Mwini nyumba wamba atseka khonde ndi njerwa, lisanduke chipinda. Mwini nyumba yotetezedwa sangatero mwa iye yekha, pakuti khondelo ndilo nkhope ya nyumba. Akafuna kuchotsa mazenera a matabwa kuti aike a chitsulo oletsa akuba, ayenera kupempha. Pempho limatenga nthawi, ndipo yankho likhoza kukhala lakuti ayi.

Chachisanu ndi ndalama, ndipo ichi ndicho chachikulu. Tiyerekeze mphunzitsi wamkulu amene wapuma ntchito atatumikira zaka 30. Walandira ndalama zake, wazithira zonse pa mtengo wa nyumba, walowa mokondwa. Mvula yoyamba iulula denga. Kodi atenga kuti ndalama zina? Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo malata, penti, mawaya ndi misomali, zimene zambiri zimachokera kunja, zinakwera mtengo motsatira. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki obwereketsa anthu amaonjezerapo pamenepo. Penshoni ya pamwezi siithamanga liwiro limenelo. Pamwamba pa izi pali msonkho wa Khonsolo, umene pa bwalo lalikulu la m'dera labwino suchepa, msonkho wa malo, mlonda wa usiku, ndi inshuwalansi. Walira mvula walira matope.

Chachisanu ndi chimodzi ndi tsiku logulitsa. Amene amapereka ndalama zambiri pa malo a pafupi ndi tauni ndi amene afuna kugwetsa nyumba kuti amangepo maofesi kapena nyumba zosanja za lendi. Nyumba ikakhala yotetezedwa, ogula otere sabwera. Otsala ndi okonda zakale, ndipo ndi ochepa. Ana amene adzalandira nyumbayo ngati chuma chamasiye akhoza kudzapeza kuti alandira katundu wolemera amene sangathe kumusamala, ndiponso sangathe kumugulitsa msanga.

Kodi tisungirenji nyumba za atsamunda?

Alipo ena, ndipo si anthu opusa, amene amati: nyumba zimenezi ndi za nthawi ya thangata ndi tsankho. Makolo athu sankaloledwa kukhala ku Sunnyside. Ankalowera khomo la kuseri, atanyamula nkhuni ndi madzi. Tizisungirenji? Zigwe, timange zathu.

Mawu amenewa tiwamva, koma sitivomerezana nawo. Kodi anaponda dothi ndani? Anaumba njerwa za maonekedwe 81 zija ndani? Anasenza mitengo pamutu kuchokera kumapiri ndani? Mzungu analoza ndi chala, koma manja anali a Ayao, Amang'anja, Angoni ndi Alomwe, agogo a inu amene muwerenga. Maina awo sanalembedwe m'buku lililonse. Chikumbutso chawo chokha ndi zipupa zimenezi. Wogwetsa nyumbayo sagwetsa Mzungu, pakuti Mzunguyo anapita kale. Agwetsa ntchito ya agogo ake.

Ndiponso nyumbazi ndi mboni. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu a M'busa John Chilembwe anafika ku Mandala kudzathyola nyumba yosungiramo mfuti ya kampaniyo. Mphunzitsi amene aima ndi ana ake pabwalo limenelo aphunzitsa m'ola limodzi zimene pa bolodi zikadamtengera sabata. Nkhondo ija itatha, Boma la atsamunda linaphulitsa tchalitchi cha njerwa cha Chilembwe ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, chifukwa linadziwa kuti nyumba ikakhalapo anthu saiwala. Kodi ife tichite ndi manja athu chimene iwo anachita ndi wonga? Mphunzitsi wa Chimalawi akalowera khomo la kutsogolo la nyumba imene agogo ake ankalowera kuseri, ali ndi chikalata cha umwini m'thumba, pamenepo ndi pamene ufulu wa 1964 uoneka ndi maso.

Koma odandaulawo ali ndi mfundo imodzi yoona. Mbiri ya mzinda uno si ya anthu a makonde aakulu okha. Nyasaland African Congress inabadwira mu Blantyre mu 1944, mwa khama la anthu monga James Sangala ndi Levi Mumba. Dr. Banda anamangidwa m'nyumba yake ku Limbe m'bandakucha wa pa 3 March 1959. M'nyumba zazing'ono za ku Ndirande ndi ku Soche munkachitika misonkhano imene inasintha dziko. Anzathu a ku Zambia anasunga nyumba nambala 394 ya ku Chilenje mu Lusaka, kanyumba wamba kamene Dr. Kenneth Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 kufikira 1962. A ku South Africa anasunga kanyumba ka Nelson Mandela pa Vilakazi Street ku Soweto. Ngakhale ku Blantyre wa ku Scotland, chimene anasunga si nyumba ya mwini fakitale, koma nyumba ya antchito osauka ya Shuttle Row, mmene Livingstone anabadwira m'chipinda chimodzi mu 1813. Ifenso tiwerenge nyumba za anthu athu.

Mmene achitira maiko ena

Ku England, kuyambira m'zaka za m'ma 1940, Boma limalemba nyumba za mbiri m'kaundula, ndipo zolembedwazo ndi pafupifupi 400,000, zogawidwa m'magulu atatu monga mwa kufunika kwake. Zambiri mwa izo ndi nyumba wamba zogonamo anthu, ndipo wogula amadziwiratu asanapereke ndalama kuti nyumbayo ili m'gulu liti. Ku South Africa lamulo la 1999 linena kuti nyumba iliyonse yoposa zaka 60 isagwetsedwe kapena kusinthidwa popanda chilolezo. Sitinena kuti titengere zonse za eni ake, pakuti chuma chathu si chawo. Chimene tiphunzirapo ndi chimodzi: wogula adziwe poyera chimene agula.

Uphungu wathu kwa wogula

Safunsa anadya phula. Musanapereke ngakhale tambala, chitani izi.

Pitani kwa oyang'anira nyumba zoonetsera zakale ndi zipilala, amene ku Blantyre mukawapeza ku Chichiri, mukafunse ngati nyumbayo inalengezedwa kapena ili m'maganizo olengezedwa, ndipo yankho likhale lolembedwa. Pitani ku ofesi ya za malo mukaone kaundula: mwini wake weniweni ndani, lizi yatsala ndi zaka zingati, ndipo kodi nyumbayo siinaperekedwe chikole ku banki. Lizi ya zaka 99 imene inayamba kalekale ikhoza kukhala itatsala pang'ono. Nyumba zakale zambiri ndi chuma chamasiye cha ana ambiri. Onetsetsani kuti wogulitsayo ali ndi mphamvu yochokera ku khoti, ndipo loya wanu aone zikalatazo. Funsani ku Khonsolo, ku ESCOM ndi ku Blantyre Water Board ngati palibe ngongole zotsalira.

Lembani injiniya kapena mmisiri wodziwa nyumba zakale, wosankhidwa ndi inu, osati ndi wogulitsa. Akwere m'denga ndi tochi, abaye mitengo ndi chitsulo, aone maziko ndi ngalande. Nyumbayo mukaione mwezi wa January kapena February mvula ili mkati, pakuti mwezi wa August nyumba iliyonse ndi yabwino. Penti watsopano pa chipupa chakale muzimukayikira.

Potsiriza, musathire ndalama zanu zonse pa mtengo wogulira. Ngati mutagula simutsala ndi ndalama zokwanira denga ndi mawaya, ndiye kuti nyumbayo simungaithe, ngakhale wogulitsa atakutsitsirani. Ndipo mukalowa, konzani zazing'ono chaka ndi chaka mvula isanagwe: msomali wa padenga, ngalande yotsekeka, njira ya chiswe pa chipupa. Nyumba yakale siigwa tsiku limodzi, imagwa ndi zaka khumi za "tidzakonza mawa."

Pempho lathu kwa Boma ndi Khonsolo

Lamulo tili nalo, ndipo ndi labwino. Koma mutu umodzi susenza denga. Ngati mtundu wonse upindula ndi nyumba yosungidwa, sikoyenera kuti katundu yense agwere mwini wake yekha. Mwaulemu tipempha zinthu zinayi. Kaundula wa nyumba zotetezedwa asindikizidwe m'Chichewa ndi m'Chingerezi, apezeke pa Khonsolo ndi pa intaneti, kuti wogula asagwe m'mbuna. Khonsolo iganizire zochepetsa msonkho kwa mwini nyumba yotetezedwa amene aisamala bwino. Pempho la chilolezo chokonza liyankhidwe m'masiku odziwika, pakuti denga lodontha silidikira msonkhano wa komiti. Ndipo sukulu zathu za ntchito zamanja, monga ya ku Soche, ziphunzitsenso achinyamata ntchito ya laimu ndi ya matabwa akale, amisiri odziwa asanathe. Tionjezere kuti nyenyezi yofiira isanalembedwe pa nyumba yakale, a Khonsolo ayambe afunsa a zinthu za mbiri, kuti dzanja lamanja lisagwetse chimene lamanzere lifuna kusunga.

Tsono kwa inu amene mwaima pamsewu kuyang'ana khonde lija, mawu athu ndi awa. Ngati mufuna nyumba yoti muziisintha monga mufunira, kapena yoti mudzaigulitse msanga ndi phindu, pitirirani ulendo wanu. Koma ngati muli ndi ndalama zotsalira, mtima wodekha, ndi ana amene mwakambirana nawo navomera, gulani. Mudzagona pabwino, ndipo mudzakhala mwagwirira dziko lanu ntchito ina mutapuma kale ntchito ya Boma. Anaimanga anapita, anakhalamo poyamba anapita, inunso mudzapita. Chofunika ndi chakuti amene adzalandire makiyi m'manja mwanu adzaipeze ili chiimire, denga lake losadontha.